Kodi Wosatha Kuceza Adzadya Ciani?

M'gulu lililonse muli munthu mmodzi amene amafika msanga, nakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo pemphero lotsiriza likangotha iye wapita kale. Mukampatsa moni amayankha akuyang'ana pansi. Pamene nonse mukuseka, iye amamwetulira mocedwa. Mwina nkhope yake yabwera kale m'maganizo mwanu. Mwinanso munthuyo ndinu amene mukuwerenga.

Ndifuna tikambirane za munthu ameneyu, makamaka za nchito yake. Sukulu imatha, ndipo tsiku limafika lakuti aliyense adzipezere yekha sopo ndi ndiwo. Kodi mnzathu amene kulankhula ndi anthu kumamlemera ngati thumba la cimanga adzalowera khomo liti? Kodi ayambe wasintha, akhale wocezeka monga ife, kuti timpezere malo? Kapena ilipo nchito imene angaigwire bwino monga mmene aliri, ife n'kumthandiza kuifikira?

Kulakwa kwanga

Nditabwera kucokera ku koleji, anandisankha kukhala mtsogoleri wa acinyamata pa mpingo wathu kuno ku Chipata. M'gulu mwathu munali mnyamata wa zaka 19 amene anali atatsiriza Giredi 12. Dzina lake sindichula. Ine ndinali kuganiza kuti mtsogoleri wabwino ndi amene amacotsa manyazi mwa aliyense, conco pa Sabata la acinyamata ndinamuika kuti awerenge mau pamaso pa mpingo wonse. Anakana kawiri, koma ndinamkakamiza. Tsikulo anaimirira, Baibulo likunjenjemera m'manja mwake, ndipo mau sanatuluke. Ana a kutsogolo anayamba kuseka. Anakhala pansi osawerenga ngakhale vesi limodzi, ndipo kwa miyezi itatu sitinamuonenso.

Pa miyezi imeneyo amalume ake anampezera nchito m'kabuthi kotumizira ndalama pa foni. Masamu anali kuwadziwa bwino. Koma pa kabuthi anthu amabwera ambiri nthawi imodzi: wina afuna cenji, wina akukalipa kuti netiweki yacedwa, wina akumfunsa nkhani zina kuti amsokoneze. Anthu atatu akamlankhula pamodzi, mutu wake unali kuima. Sabata yacitatu ndalama zinaperewera, ndipo mwini kabuthi anamdula malipiro namcotsa nchito.

Pamene ndinapita kukapepesa, amai ake anandiyalira mphasa pa khonde. Atandimvera zonse anati, "Mwana wanga, mnzakoyu si waulesi, ndiponso si wopusa. Koma pakamwa pake ndi polemera. Ine ndikadzapita, adzadya ciani?" Ndinabwerera kunyumba wopanda yankho.

Yankho ndinalipeza m'chalichi momwe. Tinali ndi mabenchi angapo ogwedera, amene komiti inali kukambirana za kuwakonza kwa caka cathunthu. Tsiku lina Loweruka ndinapeza onse alimba, miyendo yake yamangidwa ndi timatabwa topingasa, misomali yakhomedwa bwino yosang'amba zobvala. Wosamalira chalichi anandiuza kuti mnyamata uja anali kubwera m'mawa mkati mwa sabata, pamene mulibe anthu, ndi nyundo ndi maceka obwereka. Munthu amene ndinamcititsa manyazi pamaso pa mpingo anali kutumikira mpingo womwewo m'njira imene ine sindinaiganizire.

Pakamwa ndi pamene timadyera

Tiyeni tibvomereze kuti m'matauni mwathu cakudya cimabwera kupyolera pakamwa. Anthu ambiri ogwira nchito muno m'Zambia sali pa nchito yolembedwa ya malipiro a pa mwezi. Kondakitala wa minibasi amaitana anthu tsiku lonse. Wogulitsa salaula amanenerera mtengo mpaka mau kusasa. Ngakhale nchito ya mu ofesi, khomo lake ndi mafunso a pakamwa pamaso pa mabwana atatu kapena anai, ndipo amene amapambana kawirikawiri ndi wodziwa kudzinenerera.

Miyambi yathu nayo imaima kumbali ya wolankhula. Timati safunsa anadya phula. Timatinso wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Miyambi imeneyi ndi yoona, koma tikaigwiritsa nchito mosasamala imasanduka ndodo yomenyera munthu amene citseko ca pakamwa pake cimavuta kutseguka. Posacedwa timayamba kumpatsa maina: wonyada, wamwano, wogona, mwinanso timanong'onezana kuti anamlodza.

Wina angatsutse kuti, "Nanga umunthu wathu? Paja kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Munthu wothawa anzake akuphwanya mwambo, ndipo tikamlekerera tikumuononga." Mau amenewa ali ndi mbali yoona, ndipo ndidzabwererako. Koma taganizirani bwino. Mwambiwo ukunena za kukhalira pamodzi ndi kudalirana. Sukunena za kuculuka kwa mau. Mnyamata amene anakonza mabenchi kuti agogo akhale osaopa kugwa anali pakati pa anthu kuposa ena a ife amene tinakambirana za mabenchiwo m'misonkhano khumi osakhoma msomali ngakhale umodzi.

Kukhala cete kuli mitundumitundu

Tisanasankhire munthu nchito, tiyambe tadziwa cimene cimampangitsa kukhala cete, pakuti zifukwa zimasiyana.

Ena ndi cibadwa cabe. Amatha kuceza, koma gulu likakula amatopa msanga, ndipo mphamvu zao zimabwerera akakhala okha. Ena ali ndi cibwibwi: mau ali nao onse m'mutu, koma potuluka amakodwa, ndipo kusekedwa ku sukulu kunawaphunzitsa kutseka pakamwa. Ena ali ndi mantha akulu a anthu, oposa manyazi wamba: mtima umagunda, thukuta limatuluka, ndipo amaganiza kuti aliyense akuwaweruza. Enanso anabadwa ndi mkhalidwe umene madokotala amaucha autism. Otere amavutika kuwerenga nkhope ndi nthabwala za anzao, phokoso kapena kusintha kwadzidzidzi kumawasautsa, koma ambiri a iwo amatha kuika mtima pa cinthu cimodzi kwa nthawi yaitali ndi kuona tolakwika tating'ono timene ena sationa. Bungwe la United Nations linasankha 2 April kukhala tsiku lokumbukira anthu amenewa caka ciliconse, mwa cigamulo ca mu 2007.

Pa zonsezi palibe chimo, ndipo palibe ufiti. Lamulo la dziko lathu lonena za anthu olumala, la mu 2012, limaletsa kusala munthu pa nchito cifukwa ca cilema. Koma lamulo silingalowe m'gulu lathu Lacisanu madzulo kudzatiletsa kuseka. Imeneyo ndi nchito ya cikumbumtima cathu.

Manja amene analankhula

Ku America kuli mai wina dzina lake Temple Grandin, amene anabadwa mu 1947 ali ndi autism. Anacedwa kulankhula, ndipo anzake a ku sukulu anali kumseka. Ali mtsikana anakakhala pa famu ya ng'ombe ya azakhali ake ku Arizona, ndipo kumeneko anayamba kuyang'anitsitsa ng'ombe. Pambuyo pake anaona cimene anthu odziwa kulankhula sanacione: kuti ng'ombe imakana kulowa mu mpata wopita ku dibi cifukwa ca tinthu tating'ono, monga cithunzithunzi pansi, unyolo wolendewera, kapena kuwala kwa madzi. Anajambula mipata yokhota imene ng'ombe zimayendamo mosacita mantha, ndipo mapulani ake anafalikira m'malo ambiri osungira ndi kuphera ng'ombe. Anakhala pulofesa pa Colorado State University. Iye mwini amafotokoza kuti nchito anali kuzipeza poonetsa zojambula zake ndi zithunzi za zimene anamanga, cifukwa kudzinenerera ndi pakamwa sanali kukutha.

Si aliyense wacete adzakhala pulofesa, ndipo sitiyenera kulemekeza munthu pokhapo akachuka. Phunziro la nkhaniyi ndi lapafupi: munthu woperewera mau aloledwe kuonetsa nchito ya manja ake, ndipo aweruzidwe ndi imeneyo.

M'Baibulo namonso muli anthu otere. Yosefe mmisiri wa matabwa, amene analera Ambuye Yesu, alibe liu ngakhale limodzi lolembedwa m'Mauthenga onse anai. Timangowerenga zimene anacita. Dorika wa ku Yopa, pa Macitidwe 9, nayenso mau ake sanalembedwe, koma atamwalira akazi amasiye anaonetsa Petro zobvala zimene anawasokera. Pa Eksodo 31 timapeza Bezaleli ndi Oholiabu, amisiri amene Mulungu anawapatsa luso la golidi, siliva, mkuwa, miyala ndi mitengo kuti amange cihema. Luso la manja likuwerengedwa pamenepo monga mphatso ya Mzimu. Ife tinaphunzira kuti kuika wogwira cokuzira mau pamwamba pa wogwira nyundo?

Kusankha nchito yoyenera

Tsopano ndilankhule ndi iwe amene ndiwe wacete. Kungonena kuti "nchito ya manja" sikukwanira, cifukwa nchito za manja zimasiyana. Usanalowe nchito ina iliyonse, ifunse mafunso atatu.

Loyamba: kodi pa tsiku ndidzakumana ndi anthu angati acilendo? Wokonza mafoni pa msika amagwira ndi manja, koma tsiku lonse amakangana ndi eni mafoni. Telala wosoka mayunifomu a sukulu angathe kulandira oda imodzi ya madiresi makumi asanu kwa munthu mmodzi, nakhala pa makina sabata ziwiri mwamtendere. Kalipentala wa mkati mwa shopu, wopala ndi kulumikiza matabwa, amaonana ndi anthu awiri kapena atatu omwewo tsiku ndi tsiku. Woweta nkhuku za nyama amakhala nazo pafupifupi masabata asanu ndi limodzi, akuyang'anira madzi, cakudya, kutentha ndi katemera wa citopa, ndipo kugulitsa kumabwera kumapeto. Wa dimba la tomato ndi repu, ndi woweta njuci monga acitira anzathu a ku Mwinilunga ndi Kabompo, nthawi yao yambiri amakhala okha.

Laciwiri: kodi malowo ali ndi phokoso lotani, ndipo zinthu zimasintha kangati? Ukadutsa ku Kalingalinga mu Lusaka udzaona mageti ndi mafelemu okongola a oocherera zitsulo, koma udzamvanso kulira kwa makina odulira zitsulo kucokera m'mawa kufikira madzulo. Kwa munthu wa cibwibwi phokoso limenelo si vuto. Kwa munthu amene makutu ake sapirira phokoso ndi cizunzo. Kumanga nyumba nakonso ndi nchito ya gulu, ya kufuulirana, ndipo malo amasintha nyumba ikatha. Ena zimawayenera, ena ai. Pempha kuyesa sabata imodzi usanalipire ndalama za maphunziro.

Lacitatu: kodi adzanena mtengo ndani? Apa ndi pamene amisiri acete ambiri amagwera. Tebulo lapangidwa bwino, koma wogula akangokweza mau kuti ladula, mmisiri amabvomera mtengo wosabweza ngakhale ndalama za matabwa, kungofuna kuti nkhaniyo ithe. Ndiye konzekeratu. Werengera matabwa, misomali, guluu, vanishi ndi masiku ako, ulembe mitengo pa pepala ndi kulikhoma pa khoma. Wogula akanenerera, muloze pepalalo. Jambula zithunzi za zonse zimene wapanga, uzisunge mu foni. Oda ilembedwe m'buku kapena ibwere pa uthenga wa foni, ndipo theka la ndalama liyambe laperekedwa. Zimenezi zimacepetsa mau ofunika, ndiponso zimakuteteza kwa ocenjera.

Makomo a maphunziro alipo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, limayang'anira masukulu a nchito za manja monga Chipata Trades, Ukwimi Trades, ndi NORTEC ku Ndola. Limaperekanso mayeso a trade test, amene ngakhale munthu wophunzira nchito pansi pa mtengo kwa mmisiri wamkulu angathe kulemba ndi kulandira setifiketi. Mu 2022 boma linakweza thumba la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, ndipo gawo lina linaikidwa kuti lizilipirira acinyamata maphunziro a luso. Mafomu amadzera ku komiti ya citukuko ya mu wadi. Koma taonani vuto: kuti upeze fomu uyenera kupita ku ofesi, kufunsa, kubwereranso, kufunsanso. Amene thandizoli likumuyenera kwambiri ndi amene sangathe kulipempha.

Udindo wa ife olankhula

Pamenepa nkhani ikutembenukira kwa ife amene pakamwa pathu ndi popepuka. Pa Eksodo 4 Mose anadandaula kuti sadziwa kulankhula, ndipo Mulungu sanamcotse pa nchito. Anampatsa mbale wake Aroni kuti azimlankhulira. M'gulu lililonse muli a Aroni ambiri amene mphatso yao imangothera pa nthabwala. Kodi simungaperekeze mnzanu ku ofesi ya wadi? Kodi simungapite naye kwa mmisiri wamkulu wa mu mpingo ndi kumnenera mau oyamba? Kodi simungatenge mipando yake iwiri kukaionetsa kwa aphunzitsi a pa sukulu yanu? Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Koma Aroni akhale wokhulupirika. Yesero lake ndi lalikulu, cifukwa wacete sadandaula. N'kosavuta kugulitsa mpando wake pa mtengo wina ndi kumuuza mtengo wina. N'kosavutanso kwa mpingo kumgwiritsa nchito zonse za ulere, kukonza mabenchi, kupenta, kufolera, cifukwa cakuti sakana. Kudyera munthu masuku pamutu cifukwa sangathe kutsutsa ndi kuba, ngakhale kucitikire pa bwalo la chalichi. Gwirizanani poyera za gawo la wogulitsa ndi gawo la wopanga, mulembe m'buku, ndipo munthu wacitatu aziliona bukulo. Wolankhulira mnzake asamsankhirenso zocita. Ayambe wamfunsa, ampatse nthawi yoyankha, ngakhale yankho libwere mawa kapena pa pepala.

Shopu isakhale phanga

Ndinalonjeza kubwerera kwa wotsutsa uja, ndipo pano ndimbvomereze. Nchito yacete ingathe kusanduka pobisalira. Akatswiri a za maganizo amatiuza kuti mantha a anthu amakula pamene munthu akuwathawa, ndipo amacepa pamene akukumana nao pang'onopang'ono, pa mlingo umene angathe kupirira. Conco iwe wacete, usanene kuti popeza wapeza makina osokera, anthu ulibe nao nchito. Udzadwala tsiku lina, udzafuna mboni, udzafuna wokulirira maliro. Yamba ndi zazing'ono: moni kwa woyandikana naye shopu, kukagula wekha ulusi kapena misomali, kufotokozera wogula mmodzi za mtundu wa thabwa. Kulankhula za nchito imene ukuidziwa n'kopepuka kuposa kuceza nkhani wamba, ndipo ambiri amapezera mabwenzi pamenepo.

Ngati mantha afika pokuletsa kutuluka m'nyumba, kudya kapena kugona, kapena ngati ukuganiza zodzipweteka, uza munthu mmodzi amene umamkhulupirira, akuperekeze ku cipatala. Kuli anamwino ndi alangizi ophunzira za maganizo, ndipo ku Lusaka kuli cipatala ca Chainama. Kupita kumeneko si misala, ndiponso si kucepa kwa cikhulupiriro.

Kulakwa kwanga tsiku lija kunali pa mlingo. Ndinatenga munthu amene moni weniweniwo unali kumvuta, ndi kumuimika pamaso pa anthu mazana. Ndinafuna kuti afanane ndi ine. Ndikanayamba ndamfunsa cimene amakonda kucita, miyezi itatu ija sikanatayika.

Mnyamata uja tinapita naye kwa mkulu wa mpingo wina amene ali ndi shopu ya matabwa. Ine ndinalankhula mau oyamba, iye anaonetsa benchi. Mkuluyo anaitembenuza, nayang'ana molumikizira, nati, "Mwanangu, ubwere Lolemba." Lero akupanga zitseko ndi matebulo, ndipo mlongo wake ndiye amasunga buku la maoda. Kuwerenga mau pamaso pa mpingo sanayambe, ndipo ine ndinaleka kumpempha. Koma mwezi watha ndinampeza akuonetsa kamnyamata ka Sande Sukulu kagwiridwe ka maceka, ndipo anali kulankhula momasuka ndithu. Amai ake ndikakumana nao samandifunsanso funso lija.

Zokambirana m'gulu

1. Kodi m'gulu mwathu ndi nchito ziti zimene timayamikira poyera, ndipo ndi ziti zimene sitizichula konse?
2. Kodi mu mpingo mwathu muli amisiri angati amene angalandire wacinyamata mmodzi kuti aphunzire? Ndani adzapita kukawapempha sabata ino?
3. Ngati mukugulitsira mnzanu zimene wapanga, gawo loyenera la aliyense mungaligwirizane bwanji?
4. Pokambirana mafunso awa, lolani amene safuna kulankhula alembe mayankho ao pa pepala, ndipo mtsogoleri awawerenge osachula maina.